Wasayansi pa Khomo la Sukulu ya Maloya

Foni inalira usiku kuno, pamene kutsidya kwa nyanja dzuwa linali likadali m'mwamba. Anali mwana wa mchemwali wanga amene amakhala ku Maryland, m'dziko la America. Anachita digiri ya kemisitiri komweko, ndipo chino n'chaka chachisanu ndi chimodzi akugwira ntchito m'labotale, kuyeza mankhwala asanatuluke kupita kwa odwala. Atandipatsa moni n'kufunsa za mvula, anatsitsa mawu nati, "Amalume, ndikufuna kuyamba sukulu ya zamalamulo, ya madzulo, ntchito osasiya. Koma magiredi anga a kukoleji si owala kwenikweni, ndiponso moyo wanga wonse ndakhala ndi mabotolo ndi manambala. Kodi anganditenge?"

Ndinamupempha kuti andipatse masiku. Funso la mwana saliyankha uli chiimire. Ndinawerenga, ndinafunsa odziwa, ndinagona nalo. Ndipo m'mene ndinkasinkhasinkha ndinaona kuti mwanayu sali yekha. Tili ndi ana ambiri kunjako, manesi, mainjiniya, a zamakompyuta, amene masana ali pa ntchito koma mtima ukuwakokera ku zamalamulo. Tsono sendezani mipando, ana anga, zimene ndinamuuza iye ndikuuzeni nonse.

Tiyambe ndi mantha oyamba, akuti sayansi ndi chilema pa khomo limeneli. Si chilema ayi. Ku America munthu salowa sukulu ya maloya asanamalize digiri ina yoyamba, ndipo bungwe la American Bar Association, limene limavomereza masukuluwa, limanena poyera kuti palibe phunziro limodzi limene munthu ayenera kudzeramo. Wa mbiri yakale alowa, wa zachuma alowa, wa fizikisi naye alowa. Digiri imene amatuluka nayo imatchedwa JD, ndipo wamasana amaitenga m'zaka zitatu, wamadzulo m'zaka zinayi. Ambiri mwa ofunsira malo amachokera ku maphunziro a zandale, mbiri ndi Chingerezi, kotero kuti wa kemisitiri akagogoda, osankha amatukula mutu. Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Katswiri wina wa zachuma wa ku University of North Texas, Michael Nieswiadomy, anaunika kangapo m'mene ophunzira a maphunziro osiyanasiyana amakhozera mayeso olowera, ndipo a fizikisi ndi masamu ankapezeka kutsogolo. Choncho wasayansi asalowe chowerama ngati wodzapempha moto.

Komanso asalowe chodzikweza. Pamenepa m'pamene ana athu ambiri amaterereka. Amati m'mtima, "Ine ndinadutsa m'moto wa masamu ovuta, awa adzaona okha kuti giredi yanga yotsika iposa yokwera ya mnzanga amene anasankha zofewa." Osankhawo amadziwadi kuti kemisitiri ndi yowawa, ndipo anthu awiri akafanana pa zina zonse, zimenezi zikhoza kupendeketsa sikelo. Koma chifundo chawo chili ndi malire, chifukwa chaka ndi chaka sukulu iliyonse imakakamizidwa kulengeza manambala a ophunzira amene yatenga, ndipo pa pepala limenelo sipalembedwa kuti uyu anavutika ndi fizikisi. Pamangolembedwa manambala awiri: GPA, nambala yoimira magiredi onse a digiri yoyamba, ndi zotsatira za mayeso olowera otchedwa LSAT.

Nambala yoyambayo inatha kale. Bungwe la Law School Admission Council, limene limasonkhanitsa mapepala a ofunsira malo, limawerengetsa magiredi onse amene munthu anapeza kufikira tsiku limene analandira digiri yoyamba. Ukachita digiri ya masitazi pambuyo pake, ngakhale ya udokotala, amaiona ndipo amailemekeza, koma silowa m'nambalayo. Madzi akatayika saoleka. Ndinamuuza mwanayu kuti aleke kulira maliro a chaka chachiwiri cha kukoleji, chimene anadwala n'kulephera phunziro limodzi. Misozi sikweza GPA.

Nambala yachiwiri ndiye munda umene ukadali m'manja mwake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mayeso a LSAT amawerengedwa kuyambira 120 kulekezera 180, ndipo wapakatikati amagwera cha m'ma 150. Safunsa malamulo ngakhale limodzi. Amafunsa ngati munthu angawerenge ndime yolemera n'kugwira chimene mwini wake akutanthauza, ndiponso ngati angaone pamene mfundo ya wina yathyokera. Kale munali chigawo china cha mafunso osanja zinthu mwadongosolo, chimene anthu a masamu ankachikonda chifukwa chinkafanana ndi zimene anazolowera, koma anachichotsa mu Ogasiti 2024. Zimene zatsala ndi kuwerenga ndi kuyeza mfundo basi. Choncho wasayansi amene wakhala zaka akuwerenga matebulo ndi malipoti afupiafupi ayenera kuphunzitsanso maso ake kuyenda m'nkhalango ya mawu, nthawi ikumuthamangitsa. Zimenezi sizitheka m'masabata awiri. Zimafuna miyezi, tsiku ndi tsiku, ola limodzi m'mawa ntchito isanayambe, mayeso athunthu Loweruka, kenaka kubwereranso pa funso lililonse lolakwa kufikira utaona chimene chinakusocheretsa. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ndichenjezenso za kulemba mayesowa moyesa mwayi. Amalola kubwereza, koma osati mopanda malire: kasanu m'zaka zisanu, kasanu ndi kawiri moyo wonse. Masukulu ambiri amatenga nambala yapamwamba, komabe zonse zimaoneka pa lipoti. Kuthamanga si kufika. Wanzeru amalembetsa pokhapokha mayeso oyeserera a kunyumba ayamba kugwera mobwerezabwereza pa nambala imene akuifuna.

Tsono nanga mwayiwo audziwa bwanji? Apa ana athu amakonda kufunsa anzawo, ndipo mnzakeyo amanena za msuweni wa mnzake amene anatengedwa ndi magiredi otsika. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Sukulu iliyonse yovomerezedwa imasindikiza chikalata chotchedwa Standard 509, ndipo aliyense akhoza kuchiwerenga kwaulere pa intaneti. M'menemo amaonetsa manambala atatu a LSAT ndi atatu a GPA. Tayerekezani kuti ophunzira 100 afola mzere kuyambira wotsikitsitsa kukafika wokhoza koposa. Chikalatacho chimakuuzani nambala ya amene waima pa malo a 25, a 50 ndi a 75. Wapakatiyo, wa pa 50, ndiye mwini nkhani. Ukamuposa pa manambala onse awiri, khomo ndi lotseguka ndipo mwina akuchotserako fizi. Ukamuposa pa LSAT koma n'kuchepa pa GPA, monga amakhalira asayansi ambiri, ukadali m'bwalo, ndipo zina zonse za m'mapepala ako zimayamba kulankhula. Ukachepa pa zonse ziwiri, makamaka kutsika kuposa wa pa 25, usadzinamize. Funsira ndithu ngati mtima ukufuna, koma ufunsirenso kwina kumene msinkhu wako ukufikira. Sukulu ngati Georgetown, ku Washington, wapakati wake ali cha m'ma 170, pamene alipo masukulu abwino ndithu amene wapakati wawo ali m'ma 150.

Pali bodza lina limene ndiyenera kulizula ndi mizu yomwe, lakuti sukulu ya madzulo ndi khomo la kuseri lolowera ofooka. Kwathu kuno tinazolowera kuyang'ana mwana wa ku naiti ngati wotsalira, ngakhale kuti ambiri a iwo anadzakhala anthu odalirika, ndipo maganizo amenewo ana athu amawoloka nawo nyanja. N'zoona kuti kale masukulu ena a ku America ankaponya ofunsira a manambala otsika ku makalasi a madzulo, chifukwa magazini ya U.S. News & World Report, imene imasanja masukulu, sinkawawerengera. Koma kuyambira 2009 inayamba kuwerengera onse pamodzi, ndipo chiboo chija chinatsekeka ndithu. M'masukulu ambiri manambala a amadzulo amatsikirako pang'ono, koma osati moti munthu angalowe chogona. Digiri yake ndi yomweyo, mayeso a uloya amene amalemba pomaliza ndi omwewo. Sukulu ya zamalamulo ya Georgetown inayamba mu 1870 ndi makalasi a madzulo. Ya Suffolk ku Boston inayambika mu 1906 n'cholinga chophunzitsa anthu ogwira ntchito masana. Warren Burger, amene anadzakhala mkulu wa oweruza onse a dziko la America, masana ankagwira ntchito ku kampani ya inshuwalansi, usiku ali m'kalasi ku St. Paul College of Law, ndipo anamaliza mu 1931. Palibe chamanyazi pamenepo.

Chimene makalasi a madzulo ali nacho chokomera mwana ngati wanga n'chakuti osankha ake amalemekeza zaka za pa ntchito. Amafuna anthu okhwima, amene anadzukapo m'mamawa kwa zaka, anayankhapo kwa bwana, anasenzapo udindo. Zaka zisanu ndi chimodzi za m'labotale si nthawi yotayika. Koma zaka zimenezo sizilankhula zokha, mwini wake ayenera kuzipatsa pakamwa. Wofunsira aliyense amalemba kalata yofotokoza za iye mwini, masamba awiri okha nthawi zambiri, ndipo funso limene lili m'mutu mwa wowerenga ndi limodzi: munthu uyu ali ndi ntchito yabwino, akufunanji kuno? Wolemba kuti "ndimakonda chilungamo kuyambira ndili mwana" walemba zimene alemba anthu masauzande. Ndinamufunsa mwanayu kuti chinamugwira mtima n'chiyani. Anandiuza za tsiku limene maloya anabwera kuntchito kwawo pa nkhani ya umwini wa njira ina yopangira mankhwala, iye n'kukhala nawo masiku atatu akuwamasulira zimene zinali m'mabuku a labotale, mpaka anaona kuti loya womvetsa sayansi akanafupikitsa ntchitoyo. Ndinati, lemba zimenezo. Lemba tsikulo, tebulolo, funso limene loya analephera kufunsa.

Makalata a umboni nawo asatengedwe kwa munthu wa dzina lalikulu amene sakukudziwa. Bwana amene wakuona ukugwira ntchito, ndi mphunzitsi mmodzi wa kuyunivesite ngati akukukumbukira, ndiwo oyenera. Pa za giredi yogwa ija, amalola kuwonjezera kandime kofotokoza. Kakhale kakafupi: ndinadwala chaka chakuti, zinatha, onani magiredi a zaka zotsatira. Osanyoza mphunzitsi, osadandaula.

Ndipo apa ndikweze mawu pang'ono. M'mafomu amenewa muli mafunso okhudza khalidwe: ngati unamangidwapo, ngati unalangidwapo kusukulu chifukwa chobera mayeso kapena zina. Mwana wanga, nena zoona. Ukamaliza zaka zinayi, usanaloledwe kugwira ntchito ya uloya, komiti ina imafufuza mbiri yako yonse, ndipo imatenga fomu imene unalemba polowa sukulu n'kuiika pambali pa zimene yapeza. Kacholakwa kakang'ono ka paunyamata amakhululuka kawirikawiri. Kubisa ndiko sakhululuka msanga. Mlandu suola. Pali chisoni chanji choposa cha munthu amene wakhetsa thukuta zaka zinayi, wakhoza mayeso, kenaka n'kuimitsidwa pakhomo chifukwa cha bodza la mzere umodzi?

Za nthawi ndingodutsapo. Masukulu ambiri amatsegula mafomu cha mu Seputembala ndipo amasankha m'mene mapepala akufikira, osadikira tsiku lotsekera. Mipando ndi ndalama za chithandizo zimapita zikutha. Wobzala ndi mvula yoyamba ndiye amakolola, ndipo zengerezu adalinda kwawukwawu.

Ena mwa inu mukuwerenga muli ku Lilongwe kapena ku Blantyre, digiri ya sayansi ili m'manja, ndipo mukuti mupite kumeneko mukagwire ntchito masana, sukulu madzulo. Imvani bwino. Visa ya wophunzira, yotchedwa F-1, imafuna kuti munthu akhale pa sukulu mokwanira, ndipo imaletsa kugwira ntchito mwachisawawa kunja kwa sukuluyo. Njira ya madzuloyi kwenikweni ndi ya amene ali kale ndi chilolezo chokhala ndi kugwira ntchito m'dzikomo. Ngongole za boma la America zolipirira sukulu nazo zimaperekedwa kwa nzika ndi okhazikika mwalamulo. Kwa eni kulibe mkuwe. Ndipo amene digiri yake anaitenga kunja kwa America ndi Canada adziwe kuti magiredi ake sawasandutsa GPA. Amangowaika m'magulu, kunena kuti ndi apamwamba, opitirira pakati, apakati, kapena otsika. Kwa munthu wotere LSAT imalemera koposa, chifukwa ndiyo nambala yokhayo imene sukulu ingamuyerekezere ndi anzake.

Zonsezi ndi za kulowa. Koma ine chimene chinandisowetsa tulo si kulowa ayi. Ndi zaka zinayi za mkatimo.

Walira mvula walira matope. Wamadzulo amaweruka kuntchito cha m'ma 5 koloko, amathamangira sitima kapena galimoto, amalowa m'kalasi cha m'ma 6, amatuluka cha m'ma 9 kapena 10, mausiku atatu kapena anayi pa sabata. Akafika kunyumba ana agona. Loweruka ndi Lamlungu ndi za kuwerenga milandu ya sabata yotsatira, masamba mazanamazana, chifukwa mphunzitsi amatha kutchula dzina lako pagulu n'kukupanikiza ndi mafunso mpaka utaonetsa ngati unawerengadi. M'maphunziro ambiri a chaka choyamba giredi yonse imapachikidwa pa mayeso amodzi a kumapeto, ndipo amakuyeza pokuyerekeza ndi anzako a m'kalasi. Palibe tchuthi chenicheni, chifukwa ambiri amatenganso makalasi m'nyengo yotentha kuti amalize pa nthawi yake. Maukwati adutsa, maliro a kumudzi adutsa, mwana ayamba kuyenda iwe uli m'laibulale.

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo wamadzulo ali ndi mapanga atatu: ntchito, sukulu ndi banja. Sindikunena kuti asayambe. Ndikunena kuti asayambe yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Akhale pansi ndi mwamuna wake kapena mkazi wake fomu isanatumizidwe, amuuze zoona zake za mausikuwo, amve ngati mnzakeyo akuvomera ndi mtima wonse kapena ndi pakamwa pokha. Akalankhulenso ndi bwana wake, chifukwa m'labotale ntchito ina siyang'ana wotchi, ndipo wosachenjeza adzapezeka wagwira botolo kalasi itayamba. Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi.

Ifenso a kumudzi tili ndi mbali yathu, ndipo ndilankhule mosapsatira. Mwana akakhala kunja timamuyesa nkhokwe yosatha. Feteleza ndi iye, malata ndi iye, fizi ya mphwake ndi iye. Ngati tikufuna loya pamtundu, tiphunzire kumasula dzanja zaka zinayi zimenezi. Sitingamuuze kuti pita ukaphunzire kwinaku tikumuimbira foni mwezi uliwonse. Ng'ombe imene ikukoka ngolo pachitunda saikweza katundu wina.

Ndikuuzeni za munthu mmodzi amene anayenda njira yomweyi, chifukwa nkhani yake ili ndi uchi ndi mbola yomwe. Dzina lake ndi Chester Carlson, anabadwira ku Seattle mu 1906 m'banja losauka. Makolo ake onse anali odwaladwala, ndipo ali mnyamata ankatsuka mawindo ndi kusesa m'maofesi kuti pakhomo padyedwe. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 17. Anavutika mpaka anatenga digiri ya fizikisi ku California Institute of Technology mu 1930, nthawi imene chuma cha dziko chinali chitagwa. Analembera makampani 82, palibe imene inamuitana, kufikira anapeza malo ku Bell Telephone Laboratories ku New York, kumenenso anamuchotsa mu 1933. Kenaka analowa ku kampani ya P. R. Mallory, ku ofesi yoona za mapatenti, zikalata zoteteza umwini wa chinthu chimene munthu watulukira. Mu 1936 anayamba sukulu ya zamalamulo ya usiku ku New York Law School.

Ndalama zogulira mabuku analibe. Ankapita ku New York Public Library n'kumakopera ndi dzanja masamba a mabuku a malamulo mpaka zala kuwawa. Kuntchito nako kunali komweko: chikalata chilichonse cha patenti chinkafuna makope ambiri, ndipo njira zake zinali zochedwa ndi zodula. Loya wa mwa iye ndiye anamva kuwawako, koma wafizikisi wa mwa iye ndiye anafunsa kuti kodi kuwala ndi magetsi sizingachite ntchito imeneyi. Anayamba kuyesa m'khitchini mwake, akusungunula sulufa, fungo lili thoo nyumba yonse. Pa 22 Okutobala 1938, m'kachipinda kena ku Astoria, iye ndi womuthandiza wake Otto Kornei anatulutsa kope loyamba, lolembedwa tsikulo ndi dzina la malowo. Chaka chotsatira, 1939, anamaliza digiri yake ya zamalamulo. Ndipo popeza ntchito ya mapatenti ankaidziwa, anatchinjiriza bwino chimene anatulukira, patenti yake n'kutuluka mu 1942.

Mukuganiza kuti chuma chinabwera m'mawa mwake? Makampani oposa 20 anamukana, kuphatikizapo IBM. Bungwe la Battelle ndilo linamulandira mu 1944, kenaka kampani yaing'ono ya Haloid ya ku Rochester, imene inadzasanduka Xerox. Makina amene anatchukitsa ntchito yake, Xerox 914, anatuluka mu 1959, patapita zaka 21 chitulukire kope loyamba lija. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lero mukapita kukachita fotokope ya satifiketi pa tauni, mukudya thukuta la wasayansi amene ankaphunzira malamulo usiku. Koma mbola nayi: zaka zimenezo za ntchito masana, sukulu usiku ndi sulufa m'khitchini zinali zolemera pakhomo, ndipo banja lake loyamba linatha mu 1945. Wokaona nyanja anakaona ndi mvuu zomwe.

Naye Margaret Thatcher, amene anafikapo kuno kwathu mu 1989 ali nduna yaikulu ya Britain, anayamba ndi kemisitiri ku Oxford, nagwira ntchito ya m'labotale, kenaka n'kukhoza mayeso a uloya mu 1953, chaka chomwe anabereka mapasa.

Pali chinthu china chimene wasayansi ayenera kusiya pakhomo ngati nsapato. M'labotale funso limakhala ndi yankho, ndipo ukabwereza kuyesa kakhumi, yankho likhale lomwelo. Ku zamalamulo mphunzitsi safuna yankho lokha. Amafuna kuona ngati ungaimire mbali iyi ndi mphamvu zako zonse, kenaka n'kutembenuka kuimira inayo, usanagamule. Asayansi ambiri amapunthwa pa mayeso oyamba chifukwa amathamangira kugamula m'mizere itatu, pamene malikisi ali m'njira yofikira pa chigamulocho. Koma mwana wa kwathu sayenera kudabwa nazo. Anakhalapo pa bwalo la mfumu. Anaona m'mene nkhoswe ya uku imayalira nkhani, nkhoswe ya uko n'kuitembenuza, nduna zikufunsa mofatsa, mfumu ili chete mpaka onse atatha. Ndinamuuza kuti akumbukire pansi pa mtengo paja. Ndipo chimene sayansi inamuphunzitsa, kusakhulupirira chinthu popanda umboni ndi kusalumpha sitepe, chimenecho alowe nacho.

Ndinamufunsanso funso limene sanaliyembekezere: kodi ukudziwa kuti ntchito ya mapatenti ungailawe usanalipire sukulu? Safunsa anadya phula. Ofesi ya boma yoona za mapatenti, United States Patent and Trademark Office, imene likulu lake lili ku Alexandria m'chigawo cha Virginia, ili ndi mayeso akeake. Chimene imafuna kwa wolemba si digiri ya malamulo koma maphunziro a sayansi kapena uinjiniya, pamodzi ndi mapepala oyenera okhalira m'dzikomo. Wokhoza amaloledwa kulemba ndi kuyendetsa mafomu a mapatenti m'malo mwa otulukira zinthu, ngakhale sangaimire munthu kukhoti. Apa sayansi ndiyo kiyi, moti loya amene sanaiphunzire sangalembe nawo mayesowa. Maofesi ena a maloya amalemba ntchito anthu otere n'kumawalipirira sukulu ya madzulo, ndipo n'chifukwa chake makalasi a usiku a ku Georgetown, George Washington ndi George Mason amakhala ndi asayansi ambiri. Adziwenso kuti msika susankha mofanana: wa zamagetsi ndi makompyuta digiri yoyamba imamukwanira kawirikawiri, pamene wa bayoloje ndi kemisitiri amamufunsa digiri yapamwamba. Aponde mwendo umodzi m'madzi aone kuya kwake. Ndipo luso limeneli silithera ku America. Dziko lathu ndi membala wa ARIPO, bungwe la maiko a mu Africa loona za umwini wa nzeru, limene likulu lake lili ku Harare, ndipo nkhani za mitengo ya mankhwala ndi umwini wa mbewu zimafuna anthu omva zinenero zonse ziwiri, cha labotale ndi cha khoti.

Kalata yomulandira ikadzabwera, asavine msanga. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Masukulu ambiri omwe si aboma amalipiritsa wamasana madola oposa 50,000 pa chaka, ndipo wamadzulo amalipira zocheperako pa chaka koma kwa zaka zinayi. Ena amapereka chithandizo cha fizi chokhala ndi chingwe, chakuti ukatsika pa giredi yakuti achilanda. Popeza amakuyezani pokuyerekezani, ena ayenera kutsika basi, ngakhale onse atalimbikira. Chikalata cha 509 chija chimaonetsa kuti ndi angati analandidwa, ndiponso angati anasiyira panjira. Afufuzenso kuti mwa omaliza pa sukulupo ndi angati amakhoza mayeso a uloya ndi kupeza ntchito ya uloya. American Bar Association imafuna kuti osachepera 75 mwa 100 alionse olemba akhoze pasanathe zaka ziwiri, ndipo sukulu imene ikungokhudza mzere umenewo ndi yofunika kuiyang'ana kawiri. Aliponso masukulu, makamaka ku California, amene bungweli silinawavomereze. Kulowa kwake n'kosavuta, koma digiri yake m'zigawo zambiri za dzikolo sikulola kulemba mayeso a uloya.

Nanga akakanidwa? Kapena akalandiridwa kokha kumene ngongole yake ingamumize? Adikire chaka. Sukulu sithawa. Abwerere ku mayeso, akweze nambala, afunsirenso m'mamawa mwa nyengo yotsatira. Mfundo zochepa pa LSAT zimatha kusintha kalata yokana kukhala yolandira, ndi yolandira kukhala ya fizi yochepa. Wa zaka 30 amene wadikira chaka chimodzi adzakhalabe ndi zaka zambiri zogwira ntchito. Sunga khosi, mkanda woyera udzavala.

Lamlungu lapitali ndinamuimbira. Ndinati, "Mwana wanga, wandifunsa ngati angakutenge. Theka la yankho linalembedwa kale m'magiredi ako, theka linalo ulemba ndiwe m'miyezi ikubwerayi. Koma ndiuze, mwamuna wako wamuuza?" Anakhala chete pang'ono, nati anangomutchulira pamwamba. Ndinati ayambe ndi pamenepo, LSAT ibwere pambuyo. Tinapangana kuti Loweruka likudzali akhala patebulo ndi wotchi, alembe mayeso oyeserera athunthu osaimitsa, kenaka atsegule zikalata za 509 za masukulu anayi amene angathe kufikako akaweruka kuntchito, andiwerengere manambalawo pafoni.

Nditatsitsa foni ndinavala jekete n'kupita kwa mchemwali wanga, mayi wake. Tinakhala pakhonde, ndipo ndinamuuza kuti malata a khitchini aja tiwaone tokha chaka chino.